Khutu la makanika silipima petulo

Amalume anga atamwalila anandisiyila Peugeot 504, ija yakale ya kabureta, imene inanyamula matumba a cimanga, nkhuku ndi akwati a mudzi wathu wonse pa mseu wa ku Petauke. Masiku a nchito ndimakwela basi monga inu, kucoka ku Chilenje kupita mu tauni, cifukwa petulo wa tsiku ndi tsiku sindingaukwanitse. 504 imatuluka pa Sondo cabe, kapena kukakhala malilo. Koma ngakhale paulendo umodzi wa pa sabata, inali kumwa monga munthu amene wangofola kumene. Ku ekizosi kunali kununkha petulo, mapulagi akuda bii, ndipo ana akakhala kumbuyo anali kufika ku chalichi mutu ukuwawa.

Ndinaipeleka kwa ba mudala amene akhala akuikonza kucokela nthawi ya amalume. Anatsegula boneti, anapendeketsa mutu, nayamba kupotoza kasikulu ka pa kabureta uku akumvetsela. Injini inakhazikika. "Mwamvela manje? Yaimba. Iyi motoka niiziba kucila imwe," anatelo. Ndinalipila. Patapita masabata awili mapulagi anadanso. Ndinabwelela katatu, ndipo katatu konse injini inaimba bwino pa garaji, n'kumapitiliza kundidyela ndalama pa mseu.

Amene anandithandiza ndi mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzila zamakanika ku koleji. Ati, "Ba malume, lekani kulotela. Tiyeni tipime." Anabwela ndi sensa yopima mpweya wa mu ekizosi, imene amaicha wideband, pamodzi ndi kageji kake koonetsa manambala.

Cimene kageji kameneka kamapima n'cosavuta kumva kwa aliyense amene anakolezapo mbaula. Malasha akaculuka mpweya n'kucepa, moto umafuka utsi cabe. Injini ya petulo nayo n'cimodzimodzi. Kuti kilo imodzi ya petulo ipse yonse, ifunika makilo 14.7 a mpweya. Geji ikaonetsa nambala yotsika, monga 11, ndiye kuti petulo waculuka ndipo wina akutuluka ku ekizosi wosapsa bwino. Ikaonetsa nambala yokwela, monga 16 kapena 17 pamene motoka ikukoka katundu, petulo wacepa, injini imatentha kwambili ndipo mavavu angapse.

Kuika sensa kunatitengela Ciwelu cimodzi. Tinaboola paipi ya ekizosi pamene mapaipi ocoka ku injini akumana, tisanafike pa sailensa, ndipo wowochelela anaikapo nati ya mamilimita 18. Natiyo siikidwa pansi pa paipi. Imakhala cakumwamba, monga pa 10 koloko kapena 2 koloko pa wochi, cifukwa m'mawa injini ikali yozizila mu ekizosi mumakhala madzi, ndipo akagwela pa sensa yotentha imasweka mkati. Tinatseka kaye kabowo kamene kanali pa joini, pakuti mpweya wakunja ukalowa sensa isanafikidwe, geji imanama kuti petulo wacepa. Waya wa magetsi tinautenga pa igineshoni kupitila pa fyuzi, popeza sensayi ili ndi kahita kake, ndipo ikakhala mu ekizosi yosayaka injini ikuyenda, mwaye umaitseka.

Zimene tinaona n'zimene zandicititsa kulemba. Motoka itaima, injini ikulila pang'onopang'ono, geji inaonetsa 13.8. Ba mudala sananame, khutu lao linali pa malo. Koma titatuluka pa Great East Road kulowela ku Chongwe, pa liwilo la makilomita 80, nambala inagwa kufika pa 11.5 n'kukhala pomwepo. Kasikulu kaja amapotoza ba mudala kamalamulila petulo wa motoka yoima cabe. Pa mseu, amene amapeleka petulo ndi jeti yaikulu ya mkati mwa kabureta, ndipo palibe makanika amene angathamange m'mbali mwa motoka khutu lili pa boneti.

Titamasula kabureta tinapeza kuti jetiyo munthu wina anaikuza bowo ndi waya zaka zakumbuyo, mwina poganiza kuti akuitsuka. Panalinso cina cimene ambili a ife sitiganizako. Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,300 kucokela pa nyanja yamcele, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 poyelekeza ndi wa ku Durban kapena ku Dar es Salaam. Kabureta siidziwa zimenezo. Jeti imene inasankhidwila motoka ya m'mbali mwa nyanja, kuno imapeleka petulo woculukilapo. Tinaika jeti yaing'onoko, tinakonza mulingo wa petulo mu kabureta, tinasintha sefa ya mpweya. Manje pa liwilo lomwe lija geji imasewela pa 14.5, ndipo ndikaponda mpaka pansi pokwela phili imatsikila pa 12.8, pamene injini imakoka bwino osatentha. Kale lita imodzi inali kundifikitsa makilomita 7. Tsopano ipitilila 9.

Mwina mukuti, nanga ise okwela basi citikhudza bwanji ca motoka ya amalume ako? Cikukhudzani m'mapapo ndi m'thumba. Petulo akapsa mpweya uli wocepa amatulutsa carbon monoxide, mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu June. Suoneka ndipo sununkha. Amai ogulitsa zipatso m'mbali mwa Lumumba Road, ana a sukulu oyembekeza basi, ba kondakita amene amakhala pa citseko tsiku lonse, onse amaupuma pa jamu ya m'mawa. Za m'thumba mudziwa kale. ERB ikalengeza mtengo watsopano wa mafuta kumapeto kwa mwezi, tonse timachela khutu, cifukwa tidziwa kumene ba draiva adzakatenga yoonjezela. Mtengo wa pa pampu sitingausinthe. Koma mafuta amene atayika ku ekizosi, amenewo ali m'manja mwathu.

Ndidziwa kuti mabasi ambili amene timakwela ndi a dizilo ndipo alibe kabureta. Manambala ao ndi ena, makonzedwe aonso ndi ena. Koma utsi wakuda umene Rosa imakusiyilani kumaso ikanyamuka pa Kulima Tower uli ndi tanthauzo lomwelo: mafuta aculuka kuposa mpweya, kaya cifukwa ca sefa yotsekeka ndi fumbi, mainjekita otopa, kapena pampu imene wina anaipotoza kuti basi izithamanga. Utsi uja ndi ndalama ya cashing imene yapsa hafu.

Cimene cimandipweteka kwambili ndi ca mamotoka atsopano. Sensa yopima mpweya wa mu ekizosi si ya dzulo. Bosch inaipanga, ndipo Volvo inayamba kuiika m'mamotoka ake mu 1976. Ma Corolla ndi ma Hiace a petulo amene timaitanitsa ku Japan amabwela ali nayo kale, ikuuza kompyuta ya injini kuculuka kwa petulo nthawi iliyonse. Koma ikafa, ambili amangodula waya n'kumata tepu yakuda pa kanyali ka check engine. Ine ndinalipila ndalama kuti motoka yakale ikhale ndi diso, pamene mnzanga akukolowola diso limene anagula kale, pambuyo pake n'kumadandaula kuti mafuta a masiku ano sakhalitsa.

Ena adzati cipangizoci ndi codula. Zoona, mtengo wake ungafike pa matanki atatu a petulo, ndipo sindikuuza mwini motoka aliyense kuti agule cake. Nchito yopima ikatha, sensa imamasulidwa, pa nati paja n'kumangapo bauti. Geji imodzi ingapime mamotoka a komboni yonse. Amakanika amene amagawana mthunzi wa mtengo umodzi amabwelekana kale jeke ndi makina owochelela, ndipo ena amacita cilimba. Angasonkhe n'kugula imodzi, n'kumalipilitsa pang'ono aliyense wofuna kupimitsa. Ife eni mamotoka nafenso tiphunzile kufunsa nambala tisanalipile, monga mmene timayang'anila sikelo pogula nyama ku buchala.

Ena adzati ndikunyoza amakanika akale. Awe. Geji inangotiuza kuti petulo waculuka. Amene anayang'ana jeti pa dzuwa n'kuzindikila kuti bowo lake linakuzidwa ndi waya anali ba mudala omwewo, titawaitana kuti adzaone. Mwana wa mlongo wanga anali asanamasulepo kabureta ya mtundu umenewo, cifukwa anazolowela mamotoka a kompyuta. Popanda manja a ba mudala tikanakhala ndi nambala cabe, ndipo popanda nambala iwo akanapitiliza kupotoza kasikulu kolakwika.

Tsiku lomaliza anakhala pa mpando wa kutsogolo, maso ali pa geji kucokela ku Chelstone mpaka ku Chongwe, osakamba kanthu. Pobwela anandifunsa kuti, "Aka kanthu, mungandibwelekeko pa Mande? Kuli ka Datsun kamene kanivuta kucokela caka catha." Ndinawapatsa, ndipo mpaka lelo kakali ku garaji kwao.