Foni imaona basi, siona wowoloka msewu

Ku America, mainjiniya akhala akuika malire a liwiro potengera liwiro limene madalaivala 85 mwa 100 aliwonse salipitirira. Kale ankayeza ndi makina m'mbali mwa msewu. Lero makampani monga TomTom ndi INRIX amagulitsa manambala ochokera mu GPS ya m'mafoni ndi m'magalimoto. N'zosavuta, ndipo kunena zoona n'zokopa.

Koma taganizirani msewu wa M1 pa Lizulu tsiku la msika. GPS iwerenga basi yothamanga, koma mayi wowoloka atasenza dengu la kabichi saonekamo. Bungwe la WHO limalimbikitsa makilomita 30 pa ola pamalo pomwe anthu ndi magalimoto amasakanikirana. Manambala a m'foni atithandize kupeza pomwe madalaivala akuthamangitsa. Tikawalola kuikanso malirewo, ndiye kuti othamangawo adzilembera okha lamulo, mayi uja osafunsidwa.