Ife Otchedwa Opanda Mfunda Tisakuwize Mnzathu

Abale ndi alongo a m'makomboni a ku Chirinda, Chipinge ndi Honde, inu othyola tiyi ndi inu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana,

Pamsonkhano wa nthambi ya chipani chanu, kaya cholamula kaya chotsutsa, tsiku lina munthu adzaimirira nanena kuti mwamuna wokonda mwamuna mnzake, kapena mkazi wokonda mkazi mnzake, asachotsedwe ntchito kapena kutulutsidwa m'nyumba ya pakomboni. Chotsatira chake tonse tikuchidziwa: chiphwete, kukuwiza, ndi mawu akuti ameneyu wagulidwa ndi azungu. Ndikukupemphani kuti inu musakuwize nawo, ndipo chifukwa chake chalembedwa pachitupa chanu chomwe.

Kumbukirani 2001. Lamulo la unzika litasinthidwa, ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, obadwira kuno komwe, anauzidwa kuti akane unzika wa maiko amene ambiri sanapondeko. Olephera anasanduka alendo, ndipo pachisankho cha 2002 ambiri sanaloledwe kuvota. Robert Mugabe anatinena kuti ndife anthu opanda mutupo, opanda mfunda. Mugabe yemweyo, mu 1995, boma lake litaletsa bungwe la GALZ pachionetsero cha mabuku ku Harare, anati okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi oipa kuposa agalu ndi nkhumba. Pakamwa pamodzi panatuluka zitonzo zonse ziwiri, ndipo ntchito yake inali imodzi: kuloza chala kagulu kopanda woimira, kuti khamu liiwale kufunsa za malipiro. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ife chinabwera patangopita zaka zochepa.

Mwina mukuti nkhani zotere tisiyire akuluakulu a ku Harare. Onani mmene akuluakuluwo amachitira. Mu 2010 Morgan Tsvangirai anagwirizana ndi Mugabe pankhaniyi. Mu October 2011 anauza BBC kuti umenewu ndi ufulu wachibadwidwe woyenera kulowa m'malamulo a dziko. Pofika 2013 chipani chake pamodzi ndi ZANU-PF chinavomereza malamulo amene gawo 78 lake likuletsa ukwati wa anthu oterewa. Mu 2018, chisankho chitayandikira, akuluakulu a ZANU-PF anakumana ndi a GALZ, koma gawo 73 la malamulo a milandu, lopereka chilango cha ndende mpaka chaka chimodzi, lidakalipo. Mawu a mtsogoleri amauma msanga ngati kunthambi kulibe wowathirira.

Kumene zinasinthadi, zinayambira pansi. Simon Nkoli wa ku South Africa anakulira pafamu kwa agogo ake, ndipo mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za eni. Anamangidwa mu 1984 chifukwa cholimbana ndi tsankho la azungu, nakhala mmodzi wa anthu 22 pamlandu woukira boma wa ku Delmas. Ali m'ndendemo anauza anzake a UDF kuti iye amakonda amuna. Ena anakwiya nafuna kuti mlandu wake uzengedwe padera. Iye sanachoke m'gulu, ndipo sanakhale chete. Anzakewo anaona kuti munthu amene akuyembekezera naye chingwe chimodzi sangamutche mlendo. Atamasulidwa anayambitsa bungwe la GLOW mu 1988, ndipo mu 1996 malamulo a dzikolo, ANC ili patsogolo, analetsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda. Nkhanza sizinathe, monganso mlendo amazunzikabe ku Johannesburg, koma wozunzidwa ali ndi lamulo loti agwire.

Akuti izi ndi zachilendo. Chachilendo nchiti? Malamulo olanga anthuwa ku Malawi anasiyidwa ndi atsamunda a ku Britain, ndipo ndi amene anagamulira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga zaka 14 mu 2010, Bingu wa Mutharika asanawakhululukire. Kutsidya kwa malire kuno, ku Espungabera kumene ena a inu muli ndi achibale, Mozambique inafafaniza mu 2015 lamulo lotere losiyidwa ndi Apwitikizi. Kodi Amozambique anasanduka azungu?

Sindikukupemphani kusiya chikhulupiriro chanu, kaya ndinu a mpingo, a mzikiti kapena a kudambwe. Ndikunena za nyumba ndi mimba. Pafamu nyumba imayenda ndi ntchito. Wochotsedwa m'mawa amagona panja madzulo, pamodzi ndi ana amene amawalera. Wantchito wa m'nyumba alibe mboni. Mphekesera imodzi imakwanira. Ndipo pali akamberembere amene amadya malipiro a mnzawo mwezi ndi mwezi pomuopseza kuti akamunenera kupolisi. Sikelo yoyezera tiyi sifunsa kuti dengu wathyola ndi yani. Gawo 56 la malamulo a 2013 likuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, ndipo malamulo omwewo ndiwo anabwezera unzika ambiri a ife. Tingadye bwanji mbali yathu nkumumana mnzathu yake?

Tsono pamsonkhano wotsatira chitani zitatu. Woimirirayo mulekeni amalize mawu ake. Pemphani kuti nthambi ilembe m'buku lake kuti palibe membala amene adzathamangitsidwe chifukwa cha mphekesera za kuchipinda. Ndipo mukakumana ndi komiti ya antchito kapena a GAPWUZ, auzeni kuti mlandu wa wochotsedwa motere aumenyere monga amenyera wina aliyense. Wofuna voti yanu akayamba kutukwana anthuwa papulatifomu, mufunseni mtengo wa kilogalamu ya tiyi amene munathyola dzulo.