Kugona motchipa ku London si manyazi

Mu November 2023, ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, paundi imodzi ya ku Britain idayamba kugulidwa ndi ndalama zoposa K2,000 m'mabanki. Mwezi womwewo boma lidaimitsa kwa kanthawi maulendo akunja a akuluakulu ake pofuna kupulumutsa ndalama zakunja. Maulendowo adayambiranso, ndipo sangatheretu. Nthumwi za boma, abusa, ophunzira ndi makolo okaona ana awo akulandira madigiri azipitabe ku London. Funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti akafika kumeneko amagona kuti, ndipo amalipira zingati.

London ndi mzinda wodula, palibe angatsutse. Ku Mayfair ndi ku Park Lane, komwe kuli hotela zotchuka ngati Dorchester, chipinda chimadya mapaundi mazanamazana usiku umodzi. Koma mzinda womwewo uli ndi hotela zambirimbiri zomwe Angelezi eniake amagonamo akabwera kudzagwira ntchito. Premier Inn, Travelodge ndi ibis zili pafupifupi m'dera lililonse. Zipinda zake n'zosachita kukongoletsa, koma muli bedi laukhondo, bafa la madzi otentha, ndipo zambiri zili ndi ketulo yophikira tiyi. Munthu wopita kumsonkhano wa masiku atatu amafunanso chiyani kuposa apa?

Zotsikirapo mtengo ziliponso. Hotela za easyHotel, zomwe zidayamba mu 2005 ku South Kensington, zili ndi tizipinda tating'ono, tina topanda ndi zenera lomwe, ndipo zinthu zina zapadera mlendo amachita kulipira payekha. Kufupi ndi masiteshoni a sitima a Paddington, King's Cross, Victoria ndi Earl's Court kuli nyumba zakale zomwe adazisandutsa hotela zing'onozing'ono. Apa mpofunika kusamala, chifukwa zina zilibe chikepe ndipo mlendo amakwera ndi sutikesi yake mpaka pamwamba, pomwe zina bafa n'logwiritsa ntchito anthu angapo. Achinyamata atha kugona m'mahositelo a YHA, ndipo nthawi ya tchuthi chachitali sukulu zina zaukachenjede, monga London School of Economics, zimachititsa lendi zipinda za ophunzira kwa alendo.

Chomwe ambiri amaphonya n'chakuti mtengo wa chipinda ku London sukhazikika ngati wa resitihausi ya pa Dedza. Chipinda chomwecho chimakwera kapena kutsika malinga ndi tsiku komanso kuchuluka kwa ochifuna. Wobukitsa kudakali milungu ingapo amalipira zochepa, wobukitsa dzulo lake amalira. Lamlungu usiku nthawi zambiri kumakhala kotsika, pomwe nyengo ya mpikisano wa tenisi wa Wimbledon, kumapeto kwa June ndi kumayambiriro kwa July, mitengo imakwera. Tsono ofesi yomwe imadziwa za msonkhano miyezi itatu usanachitike, n'kudikira mpaka sabata yomaliza kuti ipeze malo ogona, ikumwaza ndalama mwadala.

Pali msampha umodzi. Mmalawi amafunika viza kuti alowe m'dziko la Britain, ndipo viza itha kukanidwa. Mtengo wotsikitsitsa kawirikawiri ndi uja woti ukalipira sabweza. Kuli bwino kuwonjezera pang'ono n'kutenga chipinda choti utha kuchikana osaluza kanthu, kufikira viza itatuluka.

Kutalikira pakati pa mzinda sikuyenera kuopsa munthu. Sitima za pansi pa nthaka zimafika m'madera ambiri, ndipo wolipira ndi khadi la Oyster kapena la kubanki ali ndi malire a ndalama zomwe angadulidwe pa tsiku. Kuchokera pabwalo la ndege la Heathrow, njanji ya Piccadilly imadutsa pa Earl's Court ndi King's Cross pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi takisi kapena sitima ya Heathrow Express, ngakhale imatenga nthawi yotalikirapo. Wofika m'mamawa adziwenso kuti hotela zambiri zotchipa zimapereka chipinda cha m'ma 3 koloko masana, ndipo chakudya cha m'mawa chimakhala ndi mtengo wakewake.

Ena amathawa zonsezi pokafikira kwa achibale. Mlendo ndi mame, inde, koma Amalawi ambiri kumeneko amakhala m'nyumba zogawana ndi anzawo, ena amagwira ntchito usiku wonse m'malo osamalira okalamba. Kuwagwera kwa milungu iwiri chonsecho alawansi yogonera ili m'thumba ndi nkhanza, ndipo ngati ndalamazo ndi za boma kapena za mpingo, ndi kubanso.

Munthu woyendera ndalama zake ali ndi ufulu wogona ku Ritz ngati thumba likumulola. Woyendera misonkho ya anthu alibe ufulu umenewo, makamaka pomwe zipatala zikusowa mankhwala kaamba ka kuchepa kwa ndalama zakunja zomwezo. Unduna wa zachuma uike malire omveka a ndalama zogonera pa usiku umodzi m'mizinda ngati London, kuti aliyense wofuna hotela yoposa malirewo aziwonjezera za m'thumba mwake. Nthumwi ikabwerako izipereka lisiti ya hotela isanapatsidwe ulendo wina.