Ubongo wa munthu wa ku Phalombe suchizidwa mongoganizira

Nthawi iliyonse pamene funso la makina ojambulira ubongo ndi msana ladzuka, yankho la akuluakulu oyendetsa zaumoyo silisintha: makinawa ndi odula, ndi oyenera zipatala zazikulu za m'mizinda, ndipo dera ngati Phalombe liyambe lakhutira ndi mankhwala a malungo, maneti ndi katemera. Yankho limeneli lanenedwa kawirikawiri mpaka layamba kumveka ngati nzeru, chonsecho ndi chigamulo chankhanza chimene chimasiya anthu oposa 400,000, malinga ndi kalembera wa 2018, m'manja mwa madokotala okakamizidwa kuchiza zimene sakuziona. Anthu amene anatha zaka zambirimbiri akudalira chipatala cha mishoni cha Holy Family asanalandire chipatala chawochawo ku Migowi mu 2022 akuuzidwanso kuti adikire, ndipo wovulala m'mutu akulemberedwabe kalata yopita kutauni monga kale.

Ubongo unatsekeredwa m'chigaza, fupa lolimba losatanuka, moti dzanja la dokotala silingaukhudze ndipo diso lake silingauone. Makina a X-ray amene amapezeka m'zipatala za m'maboma amaonetsa mafupa, koma magazi otayikira m'chigaza sawaonetsa, chotupa cha muubongo sachionetsa, ndipo mtsempha waukulu wodutsa mkati mwa mafupa a msana sauonetsa. Zimenezi zimafuna makina a CT, amene amazungulira mutu akuwala ndi cheza cha X-ray kuchokera mbali zonse, kompyuta n'kusonkhanitsa zithunzizo kuti ubongo uoneke gawo ndi gawo m'mphindi zochepa. Kapena makina a MRI, amene sagwiritsa ntchito cheza chimenecho koma maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, ndipo amaonetsa minofu yofewa ya ubongo ndi ya msana mwatsatanetsatane. Popanda makina awiriwa, dokotala ngakhale wophunzira chotani amatsala ndi kungoganizira.

Ndipo Phalombe ndi dera limene mitu ndi misana imavulala kwambiri. Njinga zamoto za kabaza zadzaza misewu ya ku Migowi ndi ku Chiringa, zikunyamula anthu awiri kapena atatu opanda zisoti. Napolo amene anatsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991 anapha anthu mazanamazana, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagubuduzanso miyala ndi matope, kugwetsera anthu nyumba ndi kudula misewu ya madera ngati Nkhulambe. Munthu womenyeka m'mutu akhoza kudzuka, kuyankhula bwinobwino, ngakhale kuyenda, pamene mtsempha wang'ambika pansi pa chigaza ndipo magazi akuunjikana pang'onopang'ono, kupanikiza ubongo umene ulibe kothawira. Pakatha maola ochepa amakomoka, ndipo akapanda kubooledwa chigaza msanga kuti magaziwo atuluke amafa kapena kulumala kwa moyo wake wonse. Maola amenewo ndi omwe amathera pa kusaka mafuta a ambulansi, pa ulendo wa ku Zomba kapena ku Blantyre, ndi pa mzere wa odwala ena ochokera m'maboma onse a kumwera.

Chimodzimodzi ndi sitiroko, matenda ofetsa ziwalo mwadzidzidzi, amene akuchuluka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kosachizidwa. Matendawa ali pawiri: pena mtsempha wa muubongo umatsekeka ndi magazi oundana, pena umaphulika n'kukha magazi. Kunja odwala awiriwa amaoneka ofanana, pakamwa popotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitafooka, koma asipirini amene amathandiza woyambayo akhoza kuwonjezera kukha magazi kwa wachiwiriyo. Chithunzi cha CT ndicho chimawasiyanitsa. Dokotala wopanda chithunzicho amapereka mankhwala kapena kuwamana mongoganizira, ndipo akuluakulu amene anamuika pamalo otero alibe chifukwa chomudzudzulira wodwala akafa.

Tsono mfundo yoti malungo ayambe atha makinawa asanabwere ndi yachabechabe, ndipo oyinena akuonetsa poyera kuti sadziwa n'komwe zimene zinachitika m'dziko lawo lomwe. Makina oyamba a MRI m'Malawi anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo anabwera chifukwa cha malungo omwewo, kudzera mu ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi anzake, kuphatikizapo katswiri wa Chimalawi wowerenga zithunzi za m'thupi, Sam Kampondeni. Kwa zaka zoposa zana madokotala padziko lonse ankaona ana akukomoka ndi malungo a muubongo n'kusiya kupuma, osadziwa chenicheni chowapha. Kafukufuku wa ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine, anajambula ana 168 odwala malungo oterewa. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, kutupa kumene kumapanikiza gawo la pansi pa ubongo loyendetsa kupuma. Funso limene linasautsa dziko lonse linayankhidwa ndi ana a Amalawi, m'makina oikidwa pa nthaka ya Malawi. Kuima lero n'kunena kuti kujambula ubongo n'kosiyana ndi kulimbana ndi malungo ndi umbuli wochititsa manyazi, makamaka ponena za dera la madambo oyandikana ndi nyanja ya Chilwa, kumene udzudzu susowa. Oyankhula moterowa amatchula mwana wodwala malungo pofuna kutseka pakamwa ofunsa, koma mwana yemweyo akatsala ndi khunyu kapena kufooka ziwalo malungowo atapita, palibe amene amamukumbukira.

Za kudula kwa makinawa palibe wokana, koma kuwerengera kwa akuluakuluwa n'kwa mbali imodzi. Amawerenga mtengo wa makina, osawerenga mtengo wa ambulansi yoyenda ulendo wautali ndi wodwala mmodzi, wa bedi logonedwa miyezi ndi munthu amene matenda ake sanadziwike, wa mlimi wa nandolo ndi mpendadzuwa amene sadzagwiranso khasu, wa mtsikana wosiya sukulu kuti azitembenuza bambo ake pamphasa. Choipitsitsa n'chakuti anthu omwe amalalikira za kusowa kwa ndalama, mutu ukawapweteka masiku awiri, amajambulidwa ku zipatala zolipira kapena kukwera ndege kupita ku Johannesburg ndi ku India. Iwo salola kuchizidwa mongoganizira. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo lonjezo limenelo likanasungidwa chaka ndi chaka, nkhani ya kudulayi ikanachepa mphamvu kalekale.

Ngakhale makina ochepa a m'mizindawo sasamalidwa. Aliyense wowerenga nyuzipepala akudziwa nkhani za makina a CT oima kwa miyezi chifukwa chakuti anagulidwa popanda pangano lodalirika la kukonza, kapena chifukwa chakuti kachitsulo kamodzi kakudikira ndalama zakunja. Banja logulitsa mbuzi kuti liperekeze wodwala kutauni limafika n'kuuzidwa kuti makina afa, lipite ku chipatala cholipira kumene mtengo wa chithunzi chimodzi umaposa zokolola zake. Ogula makina mopanda dongosolo chotere amadziwika, koma sizimveka kuti wina waimitsidwa ntchito.

Pa msana vutoli limabisala kwambiri. Chifuwa chachikulu sichikhala m'mapapo mokha. Chimalowanso m'mafupa a msana, kuwadya mpaka kuwaphwanya, mafinya n'kupanikiza mtsempha waukulu uja, miyendo n'kufa. Matendawa akapezeka msanga amachizika ndi mankhwala a TB omwe ali kale m'zipatala zonse, kwaulere, koma m'masabata oyamba X-ray kawirikawiri sionetsa kanthu, pamene MRI imaonetsa. Wodwala amabwezedwa ndi panado kangapo konse, ndipo pamene nundu yatuluka kumsana nthawi imakhala itatha. Khunyu yoyamba munthu atakula nayonso ili ndi zifukwa zooneka pa chithunzi, monga chotupa, chipsera cha bala lakale, kapena timatumba ta nyongolotsi ya nkhumba tokhazikika muubongo. Chipatala chikalephera kutchula matenda, mudzi umatchula ake, ndipo dzina limene umapeza ndi ufiti. Amene amalipira ndi agogo okalamba amene amalozedwa chala, kuthamangitsidwa kapena kumenyedwa. Mlandu umenewu nawonso uli pa anthu amene amamana madokotala maso.

Chothawirapo chomaliza n'chakuti akatswiri owerenga zithunzi ndi ochepa. Ndi ochepadi, koma chithunzi cha CT chimatumizidwa pa intaneti, ndipo katswiri wokhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe akhoza kuwerenga cha wodwala wogona ku Migowi ola lomwelo, n'kunena amene ayenera kuthamangitsiridwa ku opaleshoni ndi amene angachizidwe pomwepo. Khanda lokula mutu chifukwa cha madzi ochuluka muubongo lingathe kuunikidwa kudzera pa liwombo ndi makina omwe aja a sikani ya amayi oyembekezera, bola ogwira ntchito aphunzitsidwe. Makina ang'onoang'ono a MRI oyenda pa matayala, ogwiritsa ntchito magetsi wamba, anayesedwa kale pa chipatala cha Queen Elizabeth. Wodwala woyamba anajambulidwa ubongo ndi CT ku London mu 1971, ndipo patadutsa zaka zoposa 50 luso limeneli silingatchedwenso lachilendo. Chofunika ku Phalombe ndi makina a CT okhala ndi pangano la kukonza lolipiridwa kale, magetsi osazima m'chipinda chake, ojambula ophunzitsidwa, njira yotumizira zithunzi kwa akatswiri, ndi mafuta a ambulansi osungidwira ovulala m'mutu ndi kumsana. Ndipo aphungu ndi makhansala a derali afunse poyera, pa zokambirana za bajeti ikubwerayi, chaka chimene zimenezi zidzafike.