MPAMBA SI NDIWO

Pali bodza limene lazika mizu m'midzi mwathu, ndipo kwa Katuli lamveka kwambiri: akuti malonda safuna sukulu, chofunika ndi mwayi, kapena kukhwima kumene. Bodza limeneli latha chuma cha mabanja ambiri kuposa njala ndi matenda, tsono tiyenera kulitsutsa poyera.

Taonani anyamata athu. Amavutika zaka zambiri ku Joni, nabwera ndi ndalama zooneka. Amatsegula golosale pa Katuli kapena pa Namwera, ena amaoda katundu ku Mandimba kudzera pa Chiponde. Chaka chisanathe mashelefu ali mbee, mwini wake wayambanso kufunsa za basi. Achibale amati wamlodza mnansi. Iai, abale, sadalodzedwe. Iye sadadziŵe kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Ndalama zonse za m'kabati adaziyesa zake: za ndiwo m'menemo, za maliro m'menemo, ngongole za amalume zosalembedwa paliponse.

Tiyerekeze munthu waoda katundu wa K100,000 nagulitsa K120,000. Iye akondwa kuti wapindula K20,000. Koma galimoto idadya K12,000, chiphaso cha msika ndi katundu woonongeka K5,000. Phindu lake lenileni ndi K3,000 basi. Akadya K20,000 ija, wadya mbeu. Nanga kwacha ikagwa? Mu Novembala 2023 idatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Amene adagulitsa pa mitengo yakale adasekerera ndalama m'manja, koma pokaodanso adapeza kuti sizikwanira katundu yemwe uja. Amene adaphunzira amaika mtengo poganizira za kuoda kwa maŵa, osati kwa dzulo.

Mbiri idatiphunzitsa kale. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda lidachotsa amwenye m'midzi kuti malonda akhale m'manja mwa Amalaŵi. Nyumba za sitolo zidatsala, ogula adalipo, komabe masitolo ambiri adatsekeka. Chimene chidapita ndi amwenye aja si makoma ai, koma luso la kusunga mabuku, kudziŵa koodera ndi kukana ngongole. Mu 1979 mpamene padakhazikitsidwa bungwe la DEMATT kuti liphunzitse amalonda a kuno kwathu. Kodi tidzakhumudwa kangati pa chitsa chomwecho?

Ena adzati: "Agogo athu Achiyao ankayenda ndi minyanga mpaka ku Kilwa opanda satifiketi." Nzoona. Koma adaphunzira! Mnyamata ankasenza katundu maulendo ambiri, akupenya m'mene akulu ayesera nsalu ndi kutsatsa malonda, asanapatsidwe ulendo wakewake. Kusoŵa pepala si kusoŵa maphunziro. Lero sukulu ya ulendo ija idatha, ndipo m'malo mwake muli misonkho, mabanki ndi ndalama za pa foni. Safunsa adadya phula.

Sitikuleka kudzudzula enanso, amene amaphunzira za bizinesi pofuna mpando wozungulira ndi dzina loti bwana manijala. Woyang'anira ntchito asenza chuma cha eni ndi malipiro a anthu. Ngati saŵerenga mabuku a ndalama, amasaina chilichonse chimene kalaliki wamuikira patsogolo, ndipo kampani ikagwa, ogona ndi njala ndi ana a mlonda. Digiri yopanda luso ndi kukhulupirika ili ngati nkhokwe yofoleredwa bwino koma yopanda chimanga.

Makomo alipo. Ku Blantyre kuli Malawi College of Accountancy ndi MUBAS, imene mpaka 2021 inali Polytechnic. Ku Nguludi kuli yunivesite imene idatsegulidwa mu 2006. Ku Mangochi komwe kuno kuli ya St. John the Baptist. Amene sangafike kumeneko ayambe ndi kope ndi cholembera: zoloŵa tsamba lino, zotuluka tsamba ilo, tsiku ndi tsiku.

Inu makolo, mwana akapempha mpamba, mufunseni poyamba kuti akuonetseni kope lake. Akaseka, bwezani ndalamazo m'thumba, mukalipire sukulu.