Kukula kwa mtanda kusamayezedwe ndi maso

Nyumba za m'matauni mwathu zikunka zikula. Pabalaza pomwe kale panali mamita 3, lero eni nyumba akufuna mamita 6 popanda chipilala pakati, koma thabwa logulidwa pamsika ndi lomwe lija la 2 by 4. Maganizo anga ndi akuti kukula kwa mtanda kuzichokera pa masamu, osati pa chizolowezi cha kalipentala kapena pa ndalama zimene zatsala m'thumba. Mpata wa pakati pa makoma ukawirikiza kawiri, katundu pa mita iliyonse ali yemweyo, mphamvu yofuna kuthyola mtanda imachuluka kanayi, pomwe kupindika kwake kumachuluka ka 16. Komatu mainjiniya salola kuti mtanda wa mamita 4 upindike kupyola mamilimita 12 mpaka 16, chifukwa siling'i imang'aluka ndipo malata amayamba kusunga madzi mtandawo usanathyoke n'komwe.

Ena amati kutsatira masamu n'kowonongetsa ndalama. Zoona zake n'zakuti masamuwo ndiwo amaonetsa pamene ndalama ikugwira ntchito. Thabwa la 2 by 6 likaikidwa chammbali, mbali yaikulu itaima, limakana kupindika ka 9 kuposa likagonekedwa chafufumimba, ndipo limasenza katundu wochuluka katatu, mtengo wake uli womwewo. Kuphatikiza matabwa awiri mogundana kumangowirikiza mphamvu kawiri, pomwe kuwirikiza msinkhu wa thabwa kumachepetsa kupindika ka 8. Choncho wosema pansi pa mtanda kuti waya adutse, kapena woika mfundo yaikulu kumunsi chapakati pomwe thabwa limakokeka kwambiri, akutaya mphamvu imene walipira kale.

Enanso amati makolo ankamanga popanda kuwerengetsa. Inde, koma ankafolera udzu pa tizipinda tating'ono ndi mitengo yachilengedwe yokhwima. Lero tikudalira paini wa ku Chikangawa ndi Zomba, amene nthawi zambiri amachekedwa asanakhwime n'kugulitsidwa ali wamuwisi. Thabwa losauma limapitiriza kupindika pang'onopang'ono likasenza katundu, ndiye ena amaikanso mudenga thanki ya malita 1,000, yomwe ikadzaza imalemera tani yathunthu. Luso la mmisiri ndi lofunika, koma maso sangaone zimenezi pa tsiku lokhoma.

Makhonsolo akamavomereza mapulani azifuna kuti miyeso ya mitanda ilembedwe, ndipo sukulu zaluso ziziphunzitsa makalipentala kuwerenga matebulo osonyeza mpata woyenera thabwa lililonse. Pomwe pali mpata waukulu kapena katundu wolemera, mwini nyumba afunse injiniya matabwa asanagulidwe.