Katundu wopezeka m'nyumba ya kawalala

Mu May 2003, asilikali a America anatsika m'cipinda capansi pa likulu la akazitape a Saddam Hussein ku Baghdad. Munali madzi okhaokha. M'madzimo munali mabuku oposa 2,700 ndi mapepala masauzande a Ayuda a ku Iraq: Baibulo la Ciheberi la mu 1568, buku la Talmud la mu 1793, ngakhale mafailo a ana a sukulu ya Frank Iny, zithunzi zao zili pomwepo. Anaziika m'mabokosi a citsulo 27, n'kuziumitsa ndi cisanu kuti nkhungu isazimalize, n'kupita nazo ku America kukazikonza. Pangano linali lakuti zidzabwelela ku boma la Iraq.

Pangano limeneli ine ndilikana.

Ndidziwa zimene mudzandiyankha. Ife tomwe sitilila cigaza ca ku Kabwe, cimene cinafukulidwa mu 1921 ndipo mpaka lelo cili ku London? Nanga Iraq ndiye asalile zake? Funso labwino, koma yambani mwafunsa kuti mabukuwo anafika bwanji kwa akazitape. Palibe mayi amene amapeleka lipoti la mwana wake kwa akazitape mwa cifunilo cake. Zinthu izi zinalandidwa.

Ayuda anakhala m'dzikolo zaka zoposa 2,500, kuyambila nthawi ya Babulo. Talmud ya ku Babulo inalembedwa komweko. Nduna yoyamba ya zacuma ya Iraq, Sassoon Eskell, anali Myuda. Ndiye mu June 1941 anthu anaukila Ayuda ku Baghdad, kupha ndi kufunkha masiku awili. Mu 1950 boma linati wofuna kucoka acoke, koma asiye unzika. Mu 1951 linatseka cuma ca onse amene analembetsa. Anthu pafupifupi 120,000 anacoka, ambili ndi sutukesi cabe. Otsala lelo mungawawelenge pa zala.

Tiyelekeze kuti kawalala wakubela foni mu minibasi. Akapokola aipeza kwao, aikonza sikilini, ndiye aibweza kunyumba komweko ati ndiye kumene inapezeka. Mungavomele? Inde, Saddam anafa ndipo boma la lelo ndi lina. Koma kawalala akafa, foni siisanduka colowa ca abale ake.

Pali mfundo imodzi ya anthu a ku Iraq imene imandigwila mtima. Amati acinyamata ao afunika kudziwa kuti Baghdad inali mudzi wa Ayuda naonso. Zoona. Koma zinthuzi zinajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, ndipo masinagoge ndi manda zikali komweko, monga manda amene amati ndi a mneneli Ezekieli ku al-Kifl. Wofuna kuphunzitsa ana ake mbili ayambe kusamala zimenezo.

Musandimve molakwa, America nayenso si mwini. Kukonza cinthu sikukupatsa umwini, apo ayi London ikanakhala ndi cifukwa cosungila cigaza cathu. Eni ake alipo, ku Israel, ku London, ku New York. Ena mwa ana a pa Frank Iny akali moyo, ndi agogo manje, ndipo maina ao alembedwa pa mafailowo. Mu December 2013 zidutswa za mipukutu ya Torah zimene zinaonongekelatu zinaikidwa m'manda mwa mwambo waciyuda ku New York, kazembe wa Iraq alipo. Pa zong'ambika boma linalola kuti eni ake acite mwambo wao. Pa zabwinobwino n'ciani cikuvuta?